H ndi L pa pepala la ku labu: malire a thupi labwinobwino anaika ndani?

Munthu akapita kukayezetsa magazi masiku ano, kaya ku Kamuzu Central kaya ku zipatala zolipira zimene zachuluka mu Lilongwe muno, amabwerako ndi pepala lodzaza manambala. Kumanzere kuli dzina la chimene ayeza, pakati pali nambala ya mwini wakeyo, kumanja kuli manambala awiri okhala ndi kamzere pakati, ndipo apo ndi apo pali chilembo cha H, kutanthauza kuti zakwera, kapena L, kuti zatsika. Pepalalo limajambulidwa pa foni n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la kubanja. Pofika madzulo azakhali anena kuti ndi impso, alamu anena kuti ndi shuga, mwini wake tulo tamuthawa. M'mawa mwake adokotala amangoliyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Apa palibe vuto, bambo." Pomwepo wina amene pepala lake linalibe chilembo ngakhale chimodzi amauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa chifukwa pali china chosakhala bwino.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa manambala a kumanjawo timawaona ngati lamulo limodzi la chilengedwe, pamene anachokera kosiyanasiyana. Ena anapezeka poyeza anthu athanzi n'kuona pamene ambiri agwera. Ena ndi malire amene akatswiri anachita kugwirizana atakhala pansi, ndipo akhala akusunthidwa. Ndipo ambiri a iwo anayezedwa pa matupi a anthu akutali ndi kuno.

Anthu 95 pa 100 alionse

Labu ikafuna kudziwa mulingo wa chinthu china m'magazi, imasankha anthu ooneka athanzi, osachepera 120 malinga ndi malangizo amene malabu ambiri amatsata, n'kuwayeza onse. Zotsatira zimandandalikidwa kuyambira nambala yotsikitsitsa mpaka yokweretsetsa, kenako amadula kunsonga zonse ziwiri, kuti patsale anthu 95 pa 100 alionse. Nambala ya wotsika ndi ya wokwera mwa otsalawo ndi imene mumaiona kumanja kwa pepala.

Zili ngati kulowa m'munda wa chimanga chimene chachita bwino, kuyeza mapesi 200, n'kupatula 5 aafupi kwambiri ndi 5 aatali kwambiri. Mapesi 10 amenewa alibe matenda, nawonso abereka, angokhala kunsonga basi. Komanso mulingo umene mwaupeza m'munda wa chimanga cha makolo simungapite nawo m'munda wa haibulidi.

Ndiye kuti pa chinthu chilichonse choyezedwa, munthu mmodzi pa anthu 20 athanzi amalandira H kapena L popanda chifukwa. Mukamuyeza zinthu 20 zosadalirana, masamu amasonyeza kuti mwayi woti chimodzi chituluke kunja kwa malire ndi pafupifupi 64 pa 100. Munthu wathanzi amene wayezedwa zambiri n'kutuluka ndi pepala loyera mbee ndiye wachita mwayi.

Kale mabuku a zachipatala ankangolemba nambala osanena kumene yachokera, ndipo nthawi zambiri inkakhala ya ophunzira udokotala ndi ogwira ntchito m'labu, poti ndiwo anali pafupi. Mu 1969 akatswiri awiri a ku Finland, Ralph Gräsbeck ndi Nils-Erik Saris, anatsutsa mchitidwewu. Anati labu izinena poyera kuti ikuyerekeza munthu ndi gulu liti, la zaka zingati, amuna kapena akazi, lotengedwa magazi motani. N'chifukwa chake malabu awiri a mumzinda umodzi akhoza kulemba malire osiyana pang'ono, makamaka ngati makina awo ndi osiyana.

Chimene adokotala amayang'ana ndi kutalika kwa mtunda umene nambala yadumpha. Mchere wa potaziyamu umayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 kapena pafupi pamenepo. Ikatuluka 5.2, vuto likhoza kukhala la kabotolo kokha: magazi amene akhalitsa asanayezedwe, kapena agwedezeka pa njinga yamoto kuchokera ku chipatala chaching'ono, maselo ake amasweka n'kutayira potaziyamu kunja. Koma 6.8 ndi nkhani ya mtima umene ukhoza kuima, ndipo palibe amene amadikira mawa. Pa pepala zonsezi zimalandira H yofanana.

Nkhani ya 37

Nambala imene aliyense amaidziwa ndi 37, ya kutentha kwa thupi. Nthawi ya Covid-19 tinakumana nayo pakhomo pa banki ndi sitolo iliyonse, alonda atatiloza kachipangizo pamphumi. Inachokera kwa Carl Wunderlich, dokotala wa ku Leipzig ku Germany, amene mu 1868 anasindikiza zimene anapeza atayeza m'khwapa odwala pafupifupi 25,000. Mu 1992 Philip Mackowiak ndi anzake ku Baltimore anayeza mkamwa akuluakulu athanzi 148 n'kupeza 36.8, ndipo chipangizo china cha m'nthawi ya Wunderlich chitayesedwanso chinapezeka kuti chinkawerenga mokweza. Mu 2020 ofufuza a ku Stanford, atasanthula zolemba zoyambira pa asilikali a m'zaka za m'ma 1800, anati matupi a anthu a ku America akhala akuzizira pang'onopang'ono, pafupifupi 0.03 pa zaka 10 zilizonse. Ena amati n'chifukwa matenda okhalitsa monga TB anachepa, ena amakayikirabe zipangizo zakalezo.

Thupi la munthu mmodzi yemweyo limasinthanso: limazizira mbandakucha, limatentha chakumadzulo, kusiyana kwake pafupifupi theka la digiri. Ku sikelo ya ana, 37.5 ya m'khwapa ndiyo imawerengedwa kuti mwana watentha thupi, ndipo kuno kwathu chotsatira chake ndi kuyeza malungo. Kwa khanda mantha ali mbali zonse. Liyenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika pansi pa 35.5 ndi chizindikiro choopsa, n'chifukwa chake ana obadwa masiku asanakwane amawasunga pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu. Agogo nawo akhoza kudwala chibayo chachikulu thupi lisanatenthe n'komwe.

Malire ochita kugwirizana: BP, shuga ndi chitetezo

BP sitingaiyeze ndi njira ya anthu 95 ija. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Tikanatenga anthu ooneka athanzi n'kudula kunsonga, tikanavomereza matenda kukhala mulingo. Choncho apa funso limakhala lina: kuyambira pa nambala iti pamene kumwa mankhwala kumapindulitsa kuposa kusamwa?

Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya, yapansi ndi pamene ukupumula. Lamba wopopa wa pamkono anamubweretsa Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896, ndipo mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anaonjezera kumvetsera kugunda kwa mtsempha, kumene kunapereka nambala yachiwiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona kukwera kwa BP ngati gawo la ukalamba, mpaka panali kamwambo koti nambala yapamwamba ikhale 100 kuphatikiza zaka za munthu. Pulezidenti wa America Franklin Roosevelt anakhala zaka BP ili pamwamba, mpaka mtsempha wa mu ubongo unaphulika mu 1945. Makampani a inshulansi ndiwo anayamba kuona m'mabuku awo kuti a BP yokwera amafa msanga, ndipo kafukufuku wa matenda a mtima wa ku Framingham ku America, amene anayamba mu 1948, anatsimikiza.

Chimene chinadziwika pambuyo pake n'chakuti palibe phompho pa 140. Chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimayamba kukwera kuchokera cha pa 115/75, ndipo chimawirikiza kawiri nambala yapamwamba ikakwera ndi 20. Mzere umaikidwa pamene akatswiri agwirizana. Bungwe la WHO limauika pa 140/90. Mu 2017 mabungwe a madokotala a mtima ku America anautsitsira pa 130/80, ndipo tsiku limodzi lokha akuluakulu a m'dzikolo owerengedwa kuti ali ndi BP anachoka pa 32 kufika pa 46 pa 100 alionse, popanda mtsempha wa munthu aliyense kusintha. Ochirikiza amati kuchenjeza msanga kumapulumutsa. Otsutsa amati kumasandutsa anthu mamiliyoni kukhala odwala pamene phindu kwa ambiri ndi lochepa. Mukamawerenga za BP pa intaneti, onani kaye kuti wolembayo ali dziko liti.

Kayezedwe kakenso kali ndi malamulo amene pa mzere wautali wa kuchipatala savuta kuwadumpha. Munthu ayenera kukhala pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pamulingo wa mtima, osayankhula, lamba ali womukwana. Amene wayenda wapansi kuchokera ku depoti dzuwa likuswa mtengo, n'kufikira kupereka mkono, nambala yake imanama. N'chifukwa chake matenda a BP satsimikizidwa ndi kuyeza kwa tsiku limodzi, pokhapokha nambala ili yokwera moopsa. Mayi woyembekezera yekha ndiye sadikiritsidwa: 140/90 mimba itadutsa masabata 20 ikhoza kukhala chiyambi cha vuto limene limafika pa kukomoka.

Shuga ali ndi mbiri yofanana. Munthu amene sanadye chilichonse usiku wonse amayenera kukhala pakati pa 3.9 ndi 5.5, ndipo matenda a shuga amayambira pa 7.0. Mzerewu unali pa 7.8 mpaka pamene akatswiri a ku America anautsitsa mu 1997, WHO n'kutsatira mu 1999, ataona kuti timitsempha ta m'maso timayamba kuonongeka nambala isanafike pa 7.8. Pakati pa 5.6 ndi 6.0 mpaka lero sagwirizana: a ku America amati munthuyo wayandikira shuga, WHO imayambira pa 6.1. Msampha waukulu kuno ndi wakuti timakina tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL. Munthu akapeza 110 ku famase ina ndi 6.1 ku chipatala china, shuga wake sanasinthe, ndi nambala imodzimodzi itagawidwa ndi 18.

Koma chitsanzo chimene anthu a mu Lilongwe anachiona ndi maso ndi cha CD4, chimene ambiri amangoti chitetezo. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo amenewa pakati pa 500 ndi 1,500 mu kadontho kamodzi ka muyezo. Ma ARV atayamba kufalikira, WHO inkati ayambe ndi amene atsika pansi pa 200. Mu 2010 mzere unakwera kufika pa 350, mu 2013 pa 500, ndipo mu 2015 unachotsedwa, aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe pompo. Amene ankapita ku chipatala cha ma ARV cha Lighthouse m'zaka zimenezo amakumbukira mawu akuti "chitetezo chanu chikadali chokwera, mudikire kaye." Thupi la munthu silinasinthe pa zaka zimenezi. Chinasintha ndi umboni, mtengo wa mankhwala ndi ukali wake. Malawi anachita kutsogola mu 2011 ndi ndondomeko ya Option B+, yopatsa amayi onse oyembekezera amene ali ndi kachilombo mankhwala a moyo wonse osadikira CD4, mwa zina chifukwa makina oyezera anali ochepa. Mu 2016 anatsegulira aliyense. Nambala ya 200 ikugwirabe ntchito lero, koma ngati chenjezo loti munthu afufuzidwe TB ndi matenda ena obisala.

Magazi ochepa ndi kukwera kwa malo

Anamwino akati "amayi, magazi anu ndi ochepa," sakunena malita. Munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi asanu, ndipo wa magazi ochepa akhoza kukhala nawo onsewo. Chimene chachepa ndi hemoglobini, chinthu chofiira cha m'maselo chimene chimanyamula mpweya wa okosijeni. Malire amene amagwiritsidwa ntchito pafupifupi dziko lonse lapansi anachokera mu lipoti la WHO la mu 1968: 13 kwa amuna, 12 kwa amayi, 11 kwa oyembekezera ndi ana aang'ono. Anachokera pa kafukufuku wochepa, makamaka wa anthu a ku Ulaya ndi North America. Ndi mzere umenewu kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 m'Malawi anali ndi magazi ochepa, ndi amayi 33 pa 100.

Oyembekezera anawatsitsira mzere chifukwa pa mimba madzi a m'magazi amachuluka mofulumira kuposa maselo, ndiye magazi amasungunuka ngakhale mayi ali bwino. Mu 2024 WHO inakonzanso malangizowa kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri. Ana a miyezi 6 mpaka 23 anawaika pa 10.5, chimodzimodzi amayi amene mimba ili m'miyezi itatu yapakati.

Chimene chikutikhudza kwambiri pa kusinthaku ndi nkhani ya mapiri. Kumalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo thupi limapanga hemoglobini yambiri kuti likwanitse. Ndiye nambala ya munthu wa kumtunda imayenera kuchotseredwa pang'ono isanayerekezedwe ndi mzere. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere. Malangizo akale ankachotsa 0.2 pa msinkhu umenewu, atsopano akuchotsa 0.8. Tengani mayi wa ku Area 25, wosayembekezera, amene makina awerenga 12.5. Pa malangizo akale atsala ndi 12.3, ali bwino. Pa atsopano atsala ndi 11.7, ali ndi magazi ochepa. Mng'ono wake wa ku Nsanje, kumene kuli kotsika, atapeza 12.5 yomweyo sachotseredwa kanthu, pamene wa ku Dedza boma, pa mamita pafupifupi 1,600, achotseredwa zoposa za ku Lilongwe. Pepala la ku labu nthawi zambiri silinena ngati kuchotseraku kwachitika.

Nambalayi siinenanso chifukwa. Malungo, nyongolotsi, likodzo, kusowa kwa ayironi m'zakudya, kutaya magazi ambiri pa msambo, matenda a sickle cell, zonsezi zimatsitsa hemoglobini, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amathandiza pa zina zokha. Liwiro limene yatsikira ndi lofunikanso. Mayi amene wakhala pa 8 kwa miyezi akhoza kumalima ndithu, pamene amene wagwa kuchoka pa 13 kufika pa 8 usiku umodzi atabereka ali pangozi. Kwa mwana, malangizo a WHO amati athiridwe magazi akatsika pansi pa 4, kapena pansi pa 6 ngati akupuma movutika.

Anayezedwa anali ndani?

Pa pepala la full blood count, limene limawerenga maselo a m'magazi, mzere umene umalandira L kawirikawiri kwa anthu athanzi a kuno ndi wa maselo oyera otchedwa ma neutrophil. Mabuku ambiri amaika malire apansi pa 2.0, ena pa 1.5. Koma anthu ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amabadwa opanda kachizindikiro kotchedwa Duffy pa maselo ofiira, zimene zimawateteza ku mtundu wina wa malungo wotchedwa vivax. Anthu otere amakhala ndi ma neutrophil ochepa oyenda m'magazi, koma sadwala kuposa anzawo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, wa akuluakulu athanzi oposa 2,000 a ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Zambia, anapeza kuti ambiri akanaoneka odwala akanayezedwa ndi malire a ku America, makamaka pa maselo oyera ndi hemoglobini. Zotsatira zake si za pa pepala pokha: wodwala khansa akhoza kuchedwetsedwa mankhwala podikira nambala imene thupi lake silinafikepo chibadwire.

Pa impso kulakwitsa kunalowera mbali ina. Labu imayeza creatinine, zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimasefa, kenako nambalayo imalowetsedwa m'masamu amene amapereka eGFR, kuyerekeza kwa mphamvu ya impso. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, amati impso zadwala. Masamuwa anapangidwa ku America, ndipo kuyambira mu 1999 ankakwezera nambala munthu aliyense wakuda, ena ponena kuti akuda ali ndi minofu yambiri. Kukwezaku kunachotsedwa mu 2021. Chaka chotsatira, kafukufuku amene anayeza mphamvu yeniyeni ya impso kwa anthu a ku Malawi, Uganda ndi South Africa anasonyeza kuti ngakhale popanda kukwezako, masamu a creatinine amaonetsa impso za anthu a kuno ngati zamphamvu kuposa mmene zilili. M'dziko limene anthu ambiri akumwa tenofovir, mankhwala a ARV amene amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa, ndiponso malo a dialysis, osefera magazi ndi makina impso zikalephera, ndi owerengeka, iyi si nkhani yaing'ono.

Ngakhale kachipangizo kopana chala kaja, kamene kamayeza okosijeni, kali ndi nkhani yake. Wathanzi amapeza 95 mpaka 100, ndipo pansi pa 90 amaikidwa pa mpweya. Kamagwiritsa ntchito kuwala kodutsa pakhungu, ndipo kafukufuku wa mu 2020 ku Michigan anapeza kuti odwala akuda amene kachipangizo kankati ali bwino pamene okosijeni anali atatsika anali ochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu.

Ana: kuwerenga mpweya ndi kuyeza mkono

Ku chipatala cha m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo amapempha mayi kuti akweze malaya a mwana, amadikira kuti mwanayo atonthole, amatsegula kawotchi n'kuyang'anitsitsa pamimba kwa mphindi imodzi yathunthu. Mwana akangolira, kuwerenga kumayambiranso. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Kwa ana malire a kupuma mofulumira ndi 60 asanakwanitse miyezi iwiri, 50 mpaka atatsala pang'ono kukwanitsa chaka, 40 kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu. Manambalawa anachokera pa kafukufuku wa m'ma 1980 m'maiko monga Papua New Guinea ndi Gambia, ndipo anapangidwa dala kuti munthu wopanda X-ray athe kugwira chibayo. Anawaika moti ndi bwino kupereka mankhwala kwa ana ena amene alibe chibayo kusiyana ndi kuphonya amene ali nacho.

Kuchuluka kwa ana olandira mankhwala osafunikira kunayezedwa mu Lilongwe momwe muno. Pa kafukufuku wa ku Kamuzu Central ndi Bwaila, wofalitsidwa mu 2019, ana oposa 1,000 opuma mofulumira, opanda HIV ndi zizindikiro zoopsa, anagawidwa pawiri moyang'aniridwa: ena analandira amoxicillin, ena mankhwala ongofanizira. Pofika tsiku lachinayi, osapeza bwino anali 4 pa 100 mwa olandira amoxicillin ndi 7 pa 100 mwa enawo. Ena amawerenga zimenezi kuti mankhwala amathandizadi, ena kuti ana ambiri akanachira okha. Onse akuwerenga molondola, ndipo malangizo akadali oti mwana wopuma mofulumira apite kuchipatala, poti palibe mayi amene angadziwe ndi maso kuti wake ali mbali iti.

Kalamba koyezera mkono kali ndi mitundu itatu: kufiira pansi pa masentimita 11.5, chikasu mpaka 12.5, kubiriwira pamwamba pake. Mzere wofiira unali pa 11.0 mpaka mu 2009, ndipo utasunthidwa ana ambiri analowa m'gulu lolandira chiponde. Mizere ya kukula imene ili m'kabuku ka kusikelo ndi yosiyana ndi manambala ena onse. WHO inaitulutsa mu 2006 itatsatira ana oyamwitsidwa, a m'mabanja osasowa chakudya, ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo anawo anakula mofanana modabwitsa. Mizereyi ikusonyeza mmene mwana angakulire zinthu zitakhala bwino. Apa mulingo wa kwathu ukanatinamiza: mu 2015-16 ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo tikanayerekeza ana athu okhaokha, kupinimbira kukanasowa pa pepala kuli konsekonse m'midzi.

Mulingo wa munthu payekha

Munthu aliyense amakhala m'kagawo kakang'ono ka malire aakulu aja. Mayi wochepa thupi amene creatinine yake imakhala pa 50 ikafika pa 90, makina sangalembe H, koma impso zake zataya pafupifupi theka la mphamvu. Mnyamata wa kabaza wa njinga yopalasa akhoza kukhala ndi mtima wogunda ka 52 pa mphindi, pansi pa 60 mpaka 100 ya m'mabuku, ali wathanzi kuposa tonsefe. Zotere zimaoneka pokhapokha pali nambala yakale yoyerekeza nayo, ndipo kuno kwathu nambala yakaleyo imakhala m'kabuku ka kuchipatala. Amene amagula kabuku katsopano ulendo uliwonse amataya umboni umene labu iliyonse singamubwezere.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti Malawi akhale ndi malire akeake kapena ayi. Pa maselo oyera yankho likuoneka losavuta, poti kusiyanako n'kobadwa nako. Pa hemoglobini n'kovuta. Tikayeza anthu 120 ooneka athanzi ku Mitundu n'kupeza kuti ambiri ali pa 11.5, kodi tapeza chibadwa chawo kapena tapeza malungo, nyongolotsi ndi nsima ya ndiwo zochepa? Kusankha amene ali wathanzi kumafuna kuyeza matenda obisala ambiri, ndipo kumadya ndalama.

Palinso nkhani ya chibadwa ndi khungu. Ku America anachotsa mtundu wa munthu m'masamu a impso ponena kuti khungu si muyezo wa thupi. Koma nkhani ya Duffy ikusonyeza kuti kusiyana kobadwa nako kulipo. Ena akuti njira ndi kuyeza Duffy mwa munthu aliyense m'malo mongoyang'ana khungu, ndipo pa impso kugwiritsa ntchito muyezo wina wotchedwa cystatin C, umene unachita bwinoko pa kafukufuku uja. Miyezo yonse iwiriyi ndi yodula, ndipo sizikudziwika kuti idzafika liti m'zipatala za m'maboma.

Kuchotsera kwatsopano kwa malo okwera kukagwiritsidwa ntchito, chiwerengero cha anthu a magazi ochepa m'chigawo chapakati chikwera pa pepala, pamene mzere watsopano wa ana aang'ono uchitsitsa. Ndiye poyerekeza kafukufuku wa pambuyo pake ndi wa 2015-16, tidzasiyanitsa bwanji kusintha kwa thanzi la anthu ndi kusintha kwa muyezo?

Ndipo pa BP, kodi dziko limene silinafikire ambiri mwa anthu amene ali pamwamba pa 160 litsitse mzere kufika pa 130 chifukwa umboni ukusonyeza phindu, kapena liyambe lapeza ndi kuthandiza amene ali pachiopsezo chachikulu? Mbiri ya CD4 ikhoza kugwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse ziwiri. Ena adzati kudikira kunatayitsa miyoyo. Ena adzati mzere unasunthidwa pokhapokha mankhwala atatsika mtengo ndi opereka thandizo atavomera kulipira, ndipo mankhwala a BP ndi shuga sanapezebe wowalipirira wotere.